Chingwe cha Mkati

Chinabwera mu Januwale, m'bokosi lalitali ngati la maluwa,
chipale chitatseka msewu wa ku doko la Hakodate.
Wapositi anandisainitsa, akupuma nthunzi,
osadziwa kuti wanyamula mlendo wopanda maso.

Ndinachigula kwa mwini wake woyamba, motsika mtengo:
nkhope itayamba chikasu, mutu uli mpala,
miyendo ili lendelende ngati ya nkhanu yakufa
chifukwa lasitiki ya mkati inali itatha mphamvu.
Ndinaseka ndekha m'khitchini.
Iwe ndi ine, nthenda yathu ndi imodzi.

Zaka makumi atatu ndinatumbula nsomba ku fakitale.
Manja awa amadziwa mpeni, mchere, madzi oluma;
kugwira chinthu osachivulaza sankakudziwa.
Koma usiku umenewo ndinachimasula chonse,
timipira ta m'mabondo, ta m'zigongono, ta m'chiuno,
ndinatiyala pa thaulo ngati mazira a zinziri.
Ndinakoka chingwe chatsopano ndi kambedza.
Chinandipulumuka kasanu, chinandikwapula chala,
kenako chinagwira.
Chidole chinaima. Chokha.
Pa tebulo, pafupi ndi ketulo.

Kuyambira pamenepo ndinaleka kunena kuti ichi.
Ndinayamba kunena kuti uyu.
Suzune.

Nsidze ndinamujambula kakhumi ndi kanayi,
kufufuta, kujambulanso,
ndi burashi yowonda kuposa ndevu ya mphaka.
Ndinaphunzira kusunga mpweya m'chifuwa mpaka mzere utathe.
Yakumanzere inakwera pang'ono,
ndiye amaoneka ngati wamva nkhani yosaikhulupirira.

Mwana wanga Kazuha anaimba foni kuchokera ku Sendai:
Amayi, pa msinkhu wanuwo?
Ndalamazo si mukanagula chotenthetsera m'nyumba?
Sindinayankhe. Ndinali nditaluma ulusi.

Malaya a malemu Tokuji anagona m'dirowa zaka zisanu ndi chimodzi,
osawavala munthu, osawataya munthu.
Ndinawadula.
Sizasi inalira kamodzi, inenso kamodzi,
ndipo m'thumba la pachifuwa munatuluka jekete lonse,
kolala, manja, ngakhale kansalu ka m'khosi.

Lamlungu lachiwiri la mwezi timakumana
m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya tiyi.
Ikuma, woyendetsa basi, zala ngati zipilala,
amasoka nsapato zokwana m'chikhatho cha khanda.
Chizuru anakhala zaka ziwiri osatsegula chitseko;
anatuluka tsiku lina
poti nyali ya m'nyumba inkaipitsa zithunzi za chidole chake.
Sitifunsana za mabala.
Timafunsana za guluu, za mawigi,
za kumene maso a galasi otuwa akupezeka.
Zinazo zimatuluka zokha, tiyi akamazizira.

Tsiku lina pa doko, ndikumujambula,
kamphepo kanamukankha. Phofo!
Kachala kakang'ono kanathyokera pa simenti.
Ndinakafunafuna chokwawa, anthu akundilambalala,
ndinakapeza pafupi ndi chingwe cha boti,
ndinakamata.
Mzere ukuonekabe.
Ikuma anati akhoza kuukwecha mpaka kuzimiririka.
Ndinakana. Anagwa ndilipo, ndinamudzutsa ndine;
zimenezo zisafufutike.

Tsopano alipo asanu pa shelefu,
wina sanavalebe, wina akudikira maso.
Ndimadzuka ndili ndi ngongole ya mabatani,
ndipo munthu wa ngongole yotere sagona mpaka masana.

Kazuha anabwera chipale chitasungunuka.
Anaima nthawi yaitali, chikwama chili paphewa.
Anagwira kolala ya jekete lija,
anaizindikira.
Sananene kanthu.
Anapinda bondo la Suzune, naliwongola, nalipindanso,
kenako anafunsa kumene ndimasunga singano.

Lasitiki imafooka, ndikudziwa.
Zaka ziwiri, zitatu, mutu uyamba kuwerama,
mkono ugwa wokha.
Umamasula, umayala pa thaulo, umakokanso.
Ndagula mpukutu wathunthu,
uli m'dirowa muja munali malaya.