Wopirikitsa Mbalame ku Lumbadzi

Ndimafika tambala asanakonze kukhosi,
fungo la fodya wa ku Kanengo likadali m'malaya.
Ndisaina buku la pachipata,
nditenga wailesi ya m'manja
ndi makiyi a galimoto yachikasu ija
yosalira popanda kuinyengerera.

Ntchito yanga ndi kuletsa mbalame kuuluka.
Musaseke.
Kakowa mmodzi, wopepuka ngati mpango,
akalowa m'kamwa mwa injini
anthu zana amakumbukira mapemphero a ku Sande sukulu.

Ndiyenda pang'onopang'ono pamsewu wa ndege,
maso pansi ngati wataya ndalama ya mchere.
Dzulo ndinatola kamsomali.
Dzana, fulu akuwoloka mosatekeseka,
ndipo ndege ya ku Joni inazungulira kawiri
pamwamba pa minda ya ku Dowa
kudikira mkuluyo amalize ulendo wake.

Udzu tinaukambirana pamsonkhano maola atatu.
Ukafupika, akhwangwala amaona ziwala.
Ukatalika, nkhanga zimabwera kudzaikira.
A Kadzamira analemba muyeso pabolodi,
koma thalakitala inalibe dizilo
ndipo udzu sudikira siginecha.

Mvula yoyamba ndiyo mdani wanga.
Inswa zimatuluka kudzapembedza magetsi a m'mbali mwa msewu,
anamzeze n'kugwa ngati aitanidwa ku ukwati.
Ndiliza hutala, ndiombetsa kaphulitsi,
ndikuwa mpaka mawu kusasa,
kenaka wailesi ikhosomola,
Nasimango ali pansanja yagalasi:
"Kwayera kumeneko?"
Ndiyang'ana kumwamba, ndiyang'ananso.
Liwu limodzi langa
ndilo mlatho umene matayala adzapondepo.
"Kwayera, mayi."

Ndiye imabwera,
kadontho kaye cha kum'mawa,
kenaka chiphokoso chogwedeza nthiti,
utsi pang'ono matayala akapsompsona phula.
Pazenera nkhope zazing'ono ngati mabatani.
Palibe andiona.
Ndipo ndi bwino choncho:
tsiku limene adzafunse dzina langa
ndiye kuti china chalakwika.

Zaka khumi ndi zinayi pano,
sindinakwerepo ngakhale ya ku Chileka.
Mwana wanga Tionenji anauza aphunzitsi
kuti bambo ake amayendetsa bwalo la ndege.
Sindinamutsutse.

Madzulo, yomaliza ikanyamuka,
ndizima injini kumapeto kwa msewu.
Akakowa amabwerera mmodzimmodzi,
kutera pomwe ndinawathamangitsa m'mawa,
kundiyang'ana cham'mbali
ngati eni malo odziwa
kuti lendi yathu idzatha.