Mababu Awiri a kwa Yotamu

Zaka zisanu ndi ziwiri nyali za Spasiyo yanga
zakhala zofiirira ngati tiyi wa pamaliro
wothira madzi kachiwiri.
Msewu wa Katete ndimaudziwa ndi matako, osati ndi maso:
dzenje lililonse ndimalipatsa moni nditaligwera kale.

Lachinayi usiku, titangopitirira Mtenguleni,
mdima unabereka ngolo.
Ng'ombe ziwiri, matumba a mtedza,
kamnyamata kali m'tulo pamwamba,
kumbuyo kopanda ngakhale kachigamba konyezimira.
Ndinaponda buleki mpaka bondo linalira.
Mayi wa pampando wakumbuyo anaitana Yesu katatu,
tomato wake nʼkugubudukira kumapazi kwanga.
Pakati pa bampala ndi ngolo
panatsala malo a chikhatho chimodzi.

Kutacha ndinali kuseri kwa msika wa Kapata,
kwa Yotamu wa mawaya, amene tepi amadula ndi mano.
"Halojeni ndi koloboyi, mdala," anatero,
akutsegula kabokosi ka zilembo za Chitchaina.
"Awa ndi ma LED. Onani, ali ndi kafani kumchira,
amadzipepesa okha akatenthedwa."
Makwacha mazana asanu ndi limodzi.
Ndinawerenga ndalamazo ndikuona nsapato za Tisiyenji
zikubwerera pa shelefu ya mwini sitolo.

Anazula akalewo ngati mano obowoka,
nʼkukwecha magalasi ndi mankhwala otsukira mʼkamwa
mpaka chikasu chonse chinatsala pa kansanza.

Usiku womwewo masana anatuluka mʼmphuno mwa galimoto.
Ndinaona mango aliyense payekhapayekha mumtengo,
maso a mbuzi ali ngwee kutali ngati makobiri,
chikwangwani cha sukulu chomwe ndadutsa kwa zaka
osadziwa kuti chili ndi mawu.
Ndinaseka ndekha.
Malole ochokera ku Lusaka anandiphethira, kundiphethiranso,
ine nʼkumati ndi nsanje.

Kenako, pa chitunda china, njinga ya makala.
Mkulu wa imvi anakweza mkono kubisa nkhope,
chiwongolero chinamuthawa,
iye, njinga ndi matumba atatu, onse mʼngalande, khu!
Ndinaima. Tinatola makala ndi manja, osayankhulana,
mʼkuwala kwanga koyera kopanda manyaziko.
Atamanga chingwe chomaliza anandiyangʼana:
"Kodi mwanawe, umafuna kuona msewu
kapena mafupa anga?"

Ndinabwerera kwa Yotamu dzuwa litalowa.
Anaimika galimoto moyangʼana khoma la butchala,
anayesa mapazi khumi, analemba mzere ndi choko,
nʼkupotokola kasikuluu pangʼonopangʼono
mpaka kuwala kunagwada pansi pa mzerewo.
"Nyali yaulemu imayangʼana pansi," anatero,
"ngati mkamwini akakumana ndi apongozi pa mlatho."
Sanandilipitse.

Koma potseka boneti anandiunika ndi foni yake,
nʼkukhala chete nthawi yaitali kuposa mmene ndinafunira.
"Mdala, diso lanu lakumanzereli lachita mtambo.
Babu limenelo ine sindigulitsa.
Kafunseni ku chipatala cha Mwami."

Sindinapitebe. Mvula ikubwera, matayala atha,
Tisiyenji akupitabe kusukulu ndi patapata.
Mkazi wanga sindinamuuze.

Mababu akale aja ndinawakulunga mʼnyuzi,
ali mʼkabati ya kutsogolo pamodzi ndi laisensi,
ndipo pa hampu iliyonse amagogodana, ngeee,
ngati akufuna kunena kuti
mlandu sunali wathu tokha.

Tsopano ndikaona njinga patali ndimatsitsa nyali msanga,
nthawi zina ngakhale ili chitsa chabe.
Ndipo ndikaima pa siteshoni kudikira anthu,
injini itazima, wailesi ili chete,
ndimatseka diso lakumanja ndi chikhatho
nʼkuyangʼana magetsi a pa phiri la Kanjala
akusungunuka ngati shuga mʼmadzi.