Mkono Ukagwa

Ku Ulongwe, kuseri kwa msika wa mbatatesi,
galaja ya atate imanunkha oyilo ndi fumbi lonyowa.
Ndi kumeneko a Kuramoto anafikira Juni wina,
galimoto yawo ikutsokomola kuchokera ku Kalomwe,
iwo atavala majekete awiri, akunjenjemera ngati ife.
Anabwera kudzayeza madzi a m'mijigo.
Anakhala miyezi isanu ndi inayi.

Madzulo, titakhala pa matayala akutha,
ndinkawapatsa mawu athu, iwo n'kundibwezera awo
ngati anansi osinthana mchere ndi nyemba.
Dekiru, anatero, ndiko kutha chinthu.
Ndinalemba kuseri kwa lisiti ya batire.
Tsiku lomwe ndinawalonjera m'Chijapani osaphonya
anaomba m'manja: Joozu! Joozu!
Ine n'kuvomera, eya, ndine joozu,
chifuwa patsogolo ngati tambala wapakhomo.

Anaseka mpaka kuvula magalasi.
Liwu limenelo, Delifina, sudzipatsa wekha.
Ndi chipewa chokuveka ena,
ndipo uchivule msanga, unene mada mada,
ndikadali kutali.
Zako ukafuna kutchula, nena tokui, motsitsa mawu.
Zokukanika, nigate.
Ndinalemba: masamu, nigate.
Kusamba m'mawa wa Juni, nigate.
Pa tokui ndinasiya mpata.

Sizinandidabwitse kwenikweni.
Atate anga a Jerevaziyo, zaka makumi atatu chagada pansi pa magalimoto,
sindinawamvepo akuti ndimatha.
Amangoti tiyese, tandipatsira sipanala.

Pa liwu lakuti umai ndinaseka ndine.
Umayi?
Ayi, umai: munthu waluso, komanso chakudya chokoma.
Sindinatsutse. Ndinakumbuka malemu amayi
akusenda mbatatesi, khungu lake osaduka,
likulendewera mpaka pansi ngati lamba.

Lomaliza anandipatsa akuloza atate
omwe anali atagunditsa khutu pa boneti, maso ali chitsinzire.
Ude ndi mkono, ude ndi luso.
Ude ga ii. Mkono wawo ndi wabwino.
Ndipo luso likachepa timati ude ga ochita,
mkono wagwa.
Ndinalemba mosalabadira, ndikutafuna chimanga chootcha.

Anapita mu Febuluwale, msewu wa ku Tete uli matope.
Mu Okutobala, Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo,
sipanala inapulumuka m'dzanja la atate.
Anaiyang'ana pansipo nthawi yaitali.
Ku chipatala anati ndi sitiroko.
Mkono wamanja unabwerako uli lende,
tsaya limodzi litatsetsereka.
Usiku ndinapeza lisiti ija m'thumba la ovololo,
ndinaiwerenga kamodzi, n'kuipinda kanayi.

Tsopano amakhala pa tayala la thirakitala, atafunda bulangete.
Chapa ikalowa, yodzaza matumba ndi nkhuku za ku Domwe,
amakweza chala cha kumanzere: musazimitse.
Amamvetsera.
Injini imawauza zimene sinauze dalaivala.
Pampu ya dizilo, amatero, mawu akukwawa.
Ine n'kulowa pansi.
Kumanzere pang'ono. Usakakamize. Bwerera. Apo.
Zala ndi zanga, koma njira ndi yawo.

Ndinawalembera a Kuramoto pa foni ya msuweni wanga:
kodi kwanuko muli nalo liwu
la luso lomwe mkono wake unagwa
koma linathawira m'khutu
n'kubwereka manja a mwana wamkazi?
Yankho silinafike. Mwina nambala inasintha.
Mwina akufunafunabe.

Dzulo dalaivala wa ku Zobwe, injini italira bwino,
anawerenga mametikali, n'kundiyang'ana oyilo mpaka m'zigongono.
Koma mtsikanayu ndi katswiri!
Ndinatsegula pakamwa kuti ndivule chipewa chija,
mada mada ali kale palilime,
koma atate ananditsogolera,
ndi theka la milomo lomwe likuwamverabe.

Akuyesa, anatero.
Ndipo anayang'ana kumbali, kumsika,
ngati kuti kuli china choti aone.