Khosi la Holo Yathu

Pa mayeso a sewero sindinasankhidwe.
Akuti mawu anga safika ku benchi yakumbuyo,
ndiye a Nyirongo anandipatsa kiyi wa kachipinda kam'mwamba
komwe kumakhala bokosi lotuwa la timipini tisanu ndi kamodzi.
Amalitcha dima.
Ndinaseka ndekha: langosowa chilembo chimodzi kuti likhale mdima.

Lachiwiri kunabwera a Silungwe a ku Luwinga pa kabaza,
tesita ili m'thumba la malaya,
jekete itanyowa ndi kamvula ka mu Juni kosadziwa kukata kaja.
Nsanja sanaiyang'ane n'komwe.
Analunjika kuseri kwa chitseko, natsegula kabati ya mafyuzi,
nati, Lemba, mwanawe.

Ndinalemba kuseri kwa pepala la mayeso a masamu.
Nyali zazing'ono zisanu ndi zitatu, iliyonse mawati mazana asanu.
Zikuluzikulu zisanu ndi imodzi, zomwe tinapatsidwa kalekale,
iliyonse chikwi chathunthu,
ina yomangidwa ndi waya wa hang'ala.
Zonse pamodzi, zikwi khumi.

Bokosi lakoli, anatero, kampini kalikonse kamasenza zikwi ziwiri n'kanthu.
Ukawonkhetsa limalonjeza zambiri.
Koma bokosi ndi pakamwa chabe.
Chingwe chochokera pa pholo chija ndiye khosi,
ndipo khosi la holo ino limameza zikwi zisanu ndi zinayi, basi.
Pamenepo uchotsepo kiyibodi ya kwaya, zokuzira mawu,
ndi ketulo ya a Mhone alonda
yomwe adzakulumbirira kuti kulibe.

Sindinamve.
Lachinayi tikuyeserera, tinafika pa chigawo chomaliza,
pomwe mwana abwera kuchoka ku Joni patapita zaka khumi,
chikwama chili pululu,
ndipo Uchizi Kayira, atadzola choko kumutu kuti akhale mayi,
ayenera kumuzindikira.
A Nyirongo anakuwa ali pansipo: Ndikufuna dzuwa lamasana! Zonse!
Ndinakankha timipini tonse ndi chikhato chimodzi.

Thi!

Holo, ofesi ya aphunzitsi, mpaka firiji ya kukhitchini.
Mumdimamo Uchizi anapitiriza mawu ake ngati palibe chachitika,
wina anapunthwa pa ndowa,
ndipo kunja tinamva a Mhone akutukwana pang'onopang'ono.

Loweruka makolo anabwera, a ku Chibavi, a ku Zolozolo,
ena anayenda pansi kuchokera ku Mchengautuba,
zipewa zaubweya zili m'makutu, mpweya ukufuka m'kamwa.
Ine m'mwamba muja, pepala lili pa bondo, tochi ili kukamwa.
Zala zinazizira koma zikutuluka thukuta.

Chigawo chija chitafika sindinakankhe kanthu.
Ndinayamba kulanda.
Ndinalanda kuwala pa mtengo wa makatoni,
pa khomo lojambula, pa anyamata a kwaya oyimirira m'mbali,
pang'onopang'ono, monga uchotsera chofunda pa mwana wogona,
mpaka panatsala nyali ziwiri zokha,
imodzi ija ya waya wa hang'ala,
pa nkhope ya Uchizi ndi pa chikwama chopanda kanthu.

Mayi wina kutsogolo anagwira pakamwa.
Sindinamvepo holo yathu itakhala chete chotero,
moti ndinkamva bokosi likung'ung'udza pansi pa dzanja langa.

Lolemba a hedi anandiyitana, cholembera chili m'manja.
Komiti ikufuna nambala, anatero. Tigule dima wamkulu bwanji?
Ndinawasonyeza pepala lija, lamakwinya, lodontha tiyi.
Ndinati yambani mwafunsa za chingwe cha pa pholo.
Iwo anati, Koma Loweruka kunawala kwambiri, sindinaonepo.

Zinali zikwi ziwiri zokha.
Zotsalazo sindinawauze komwe zinapita.
Sewero lisanathe ndinasuzumira pa zenera
n'kuona a Mhone pakhonde, atakumbatira kapu ndi manja awiri,
nthunzi ikukwera.