Telala wa ku Porto-Novo Awerenga Nsanza Zake

Ndine Dansou Ahouandjinou, telala wa pakhonde
kuseri kwa msika wa Ouando.
Mbiri ya dziko lino musandifunse m'zaka;
ine ndimaidziwa m'mamita a nsalu.

Chaka chomwe Afalansa anapinda mbendera yawo
ndinali kamnyamata kolowetsa ulusi m'singano ya bwana.
Tinachezera kusoka, nyali ikutsomokola utsi:
chobiriwira choimirira, chachikasu pamwamba, chofiira pansi.
Kutacha ana a sukulu anazikupiza mpaka mikono kuwawa,
ine n'kumati ufulu ndi chovala chosoka kamodzi.

Kenako wailesi inayamba khalidwe lake.
Malipenga a asilikali m'bandakucha,
mawu achilendo: "Nzika zonse zikhale m'nyumba."
Afiavi, mkazi wanga, ankangoti, "Ayambanso,"
osaleka kukulunga akasa m'masamba.
Kangati? Zala za dzanja limodzi zinandithera.
Nduna ina inabwera Lolemba kudzayesa suti,
pofika Lachisanu inali itawoloka malire,
thalauza lake lili pamsomali, losapinda m'miyendo.
Atatu ena anapangana zolandizana mpando
ngati ana a njinga imodzi;
wamfuti anailanda wachitatu asanakwereko.

Tsiku lina tinagona ku Dahomey, tinadzuka ku Benin,
mphasa yomweyo, nsikidzi zomwezo.
Anati chikasu chichoke, pakona pakhale nyenyezi yofiira.
Nyenyezi ili ndi nsonga zisanu
ndipo nsonga iliyonse inkandibaya chala.
Tonse tinasanduka makomuredi,
ngakhale amene wabwera kudzakulanda mbuzi.
Nsalu yachikasu yotsala sindinaitaye.
Afiavi anaipachika pazenera, nati,
"Akafunsa, ndi katani basi."

Mwana wathu Mahougnon anaphunzitsa masamu
miyezi isanu ndi iwiri osaona malipiro.
Ataika choko pansi, jipi inabwera usiku.
Amayi ake anathamangira kumbuyo kwake ndi nsapato zake m'manja.
Anabwerako mvula itagwa kawiri, khutu limodzi litafa;
mpaka lero amamvetsera chopendekera
ngati nkhuku yomva mthunzi wa kabawi.

Pamene akuluakulu anasonkhana mu hotela ku Cotonou
tinamatirira pa wailesi usana ndi usiku,
kumva anthu akuiyankha mfuti pamaso pake, osagwa.
Msika unazizira. Ogulitsa nsomba anaiwala ntchentche.
Anati mbendera yakale ibwerere.
Ndinakwera pampando, n'kutsitsa katani uja,
wofwifwa ndi dzuwa la zaka khumi ndi zisanu,
ndipo ndinamusokanso pakati pa abale ake awiri.
Afiavi sanaone.
Tinali titamuika chaka chapitacho,
chipatala chilibe ngakhale thonje.

Zitatero kunabwera nyengo ya nkhope.
Nkhope pa zitenje, nkhope pa malaya,
nkhope zomwetulira pamatako a amayi ovina.
Ndadulapo mphuno za anthu otchuka kuti mkono ukwane.
Wina anachoka ataluza, osawombera aliyense,
ndipo tsiku limenelo ndinagula mowa, ine wosamwa.
Ena anabwera ndi malonjezo otambalala kuposa nsalu yawo.
Sindinena zambiri; maso anga atha,
koma makutu a khoma sakalamba.

Lero mbendera zimatsika m'sitima padoko,
zosokedwa kutali ndi manja osadziwa dzina lathu,
zoterera, zotsika mtengo kuposa ulusi wanga.
Mdzukulu wanga Sèdjro ali ndi digiri m'chikwama
ndi njinga yamoto yangongole.
Amanyamula anthu ku Cotonou, atavala malaya achikasu
okhala ndi nambala kumsana.
Dzulo wawabweretsa atang'ambika paphewa.
"Agogo, chigamba chilipo?"

Ndafufuza m'thumba la nsanza.
Chikasu chatha.
Ndayang'ana pamsomali: thalauza la nduna lija
likudikirabe mwini wake, njenjete zitadya thumba limodzi.
Ndalitsitsa.
Nsalu yake ndi yabwino, ya ku Ulaya, yolimba.
Mtundu sukugwirizana,
koma mwanayo mawa ali ndi ntchito.