Sikelo ya ku Sitia

Zaka makumi anayi ndaima pa sikelo, Evanthia,
kuyeza matumba a azitona pachigayo cha mafuta,
ndipo palibe mlimi anandilozapo chala kuti ndaba kilo.
Lero Dokotala Fragiadaki wanditembenuzira pepala,
wandipatsa cholembera:
yezani nokha, bambo Lefteris.

Akuti magazi anga ameranso namsongole.
Mankhwala a chaka chatha anapalira pamwamba,
mizu inabisala m'mafupa.

Mbale yakumanja waikamo miyezi.
Isanu ndi iwiri, mwina khumi, mwina osakwana.
Mayi uja sanama:
wanena kuti mwina katatu konse, akundiyang'ana m'maso.

Yakumanzere ndikuidziwa ndine.
Muli basi ya mbandakucha yopita ku Iraklio,
maola atatu a msewu wokhotakhota,
jumbo yosanziramo ili pamiyendo.
Muli dripi yodontha ngati mpopi wakutha,
zilonda zam'kamwa zokana ngakhale madzi,
masabata anayi m'chipinda chosalowa mphepo
mmene nesi amabwera atabisa nkhope.
Muli tsiku lija Zinovia anali ndi kachimfine chabe,
munamuimika kuseri kwa galasi,
iye n'kumapumirapo nthunzi, kujambula mbuzi ndi chala,
ine manja ali m'thumba ngati mlendo.

Ndipo muli lilime langa.
Sindinakuuze.
Mafuta oyamba a chaka chatha, obiriwira aja,
ndinanyambita, ndinagwedeza mutu, ndinati ali bwino.
Ndinanama, mwanawe.
Ankamveka ngati msomali wadzimbiri.

Ukuti ndikukuthawani.
Wanena uli pasinki, msana uli kwa ine,
ukutsuka kapu imodzi yomweyo kachitatu.
Usaganize kuti sindiopa.
Usiku ndimawerenga matabwa akudenga,
ndikafika kumapeto ndimayambiranso.
Mwezi wa khumi pa miyezi ya dokotalayo ndi Seputembala,
Zinovia adzavala chikwama, kuyamba sukulu,
ndipo kanthu kakang'ono ngati kameneko
kakaponyedwa m'mbale, muvi wonse umanjenjemera.

Koma miyezi siyezedwa ngati azitona.
Thumba lina limalemera ndi madzi okhaokha,
ukalifinya, mafuta osadzaza botolo.
Lina lopepuka, la m'mitengo ya pamiyala,
limakudabwitsa.

Ndinamufunsa ngati pali kanjira kapakati.
Wati kalipo: mapilitsi akunyumba,
kuwonjezera magazi ndikayamba kuyera m'maso,
oletsa ululu akadzafunika.
Kanjirako n'kakafupi, watero, sindikubisirani.
Ndati mundipatse mpaka Lachinayi.
Waseka pang'ono, wati pepala silithawa.

Tsono khala pansi, siya kapuyo.
Thrasivoulos wabweretsa ofinya dzulo,
akadali a mitambo, sanadikhe.
Ndinyemere buledi.

Ukuona? Akulowa ngati udzu wongosenga kumene,
kenako kuwawa pang'ono,
kenako, apa, pammero, kamoto kaja.

Ndikutsokomola, inde. Usathamangire foni.
Si magazi ayi.
Mafuta abwino amatsokomoletsa kawiri,
ndinakuphunzitsa uli ndi zaka za Zinovia.
Aka n'kachitatu.

Lachinayi likadali kutali.
Usandiyankhe lero, nanenso sindinadziyankhe.
Sunsa nawe,
undiuze ngati ukumva zimene ndikumvazi.