Ikalira, Leka

Anzawo pochoka ku Joni anabwera ndi malata,
mafiriji, njinga zamoto.
Che Imedi anatsika basi ndi bokosi lofiira,
lalitali ngati mkono wa munthu,
ndipo kwa M'baluku anaseka mpaka kugwira nthiti:
zaka zisanu ndi ziwiri kunja,
kubwera ndi sipanala!

Ine kumanga tayala ndinaphunzira ndi miyendo.
Paipi yaitali pa sipanala,
kukwerapo, kudumpha, kudumphanso
mpaka nati ikuwe ngati mbuzi ya pa Idi.
Ndinkati kulimba n'komweko.
Tsiku loyamba anandiika bawuti yoduka m'manja,
m'kati mwake motuwa ngati makaka.
"Iyi sinaduke pamsewu ayi.
Inaduka pansi pa phazi la mnyamata ngati iwe,
inangodikira phiri la Chowe kuti iulule."

Lero n'Lachisanu. Iwo ali ku mzikiti.
Bokosi lofiira andisiyira ine,
ndi basi ya ku Chiponde itakwera jeke
kuseri kwa depoti, dzuwa la Okutobala
likusungunula phula.

Ndapala dzimbiri ndi burashi ya waya.
Kamchenga kamodzi kakabisala kuseri kwa limu
kadzaphwanyika pa Idrusi n'kusiya mpata,
ndipo mpata pa tayala sukhala wokha, umaitana anzake.
Manati khumi ndalowetsa ndi zala,
kuti ikakhota mano ndimve msanga.
Jeke pansi.
Nambala ya m'buku ndaitchera pa chogwirira.

Sumanga moyandikana ngati ukugawa maswiti.
Iyi yakumwamba, kenako yoyang'anana nayo pansi,
kudumpha, kuwoloka, kubwerera,
limu igone mofanana mbali zonse.
Kukoka pang'onopang'ono, msana wowongoka,
mpweya m'chifuwa.
Tha!
Kamawu kochepa kuposa kuthyola chala.
Ikalira, leka.
Dzanja limafuna kuwonjezera pang'ono, lachifundo.
Chifundo chimenecho ndiye chimadula bawuti.

A Mdoka aliza hutala.
"Iwe Twaibu, ukumanga tayala kapena ukufunsira mbeta?
Ya kuseriyi yadzadza kale, itilanda anthu!"
Pa windo mayi wina akudzipepesera ndi envulopu ya kuchipatala,
mwana wa madrasa wagona pa thumba la simenti,
dengu la utaka likudontha pa phazi la wina.
Nditembenuka kuti ndiyankhe,
ndipo pobwerera sindikudziwanso.
Yachisanu ndi chimodzi? Yachisanu ndi chiwiri?
Onse khumi akundiyang'ana ndi nkhope imodzi.

Palibe akanadziwa.
Che Imedi ali chogwada kutali uko.

Ndayambanso pa yoyamba.
Ulendo uno choko m'kamwa,
iliyonse ikalira ndiilemba mzere
kuchoka pa nati kufika pa limu.
Hutala, kutukwana, thukuta m'maso.
Tha. Mzere. Tha. Mzere.
"Pa Namwera mutsike muone ngati mizere yasuntha."
A Mdoka angoimika dzanja, kaya amva kaya ayi,
basi n'kulowera ku mlatho.

Tayala lomwe silinachoke silimveka pa wailesi.
Mayi wa envulopu uja sadzadziwa dzina langa,
afika, atsika, adandaula za mtengo wa kabaza.

Basi yabwera m'mawa, fumbi lofiira mpaka m'mawindo.
Ndapukuta ndi chala: mizere ilipo.
Komabe Che Imedi aloza bokosi ndi chibwano,
poti chitsulo chikatentha n'kuzizira
chimasintha maganizo.
Zisanu ndi zinayi zalira pomwepo.
Yomaliza yayamba yayenda kaye,
pang'ono chabe, ngati kambewu ka mpunga,
kenako tha.

Che Imedi sananene kanthu.
Abweza nambala pa ziro, apukuta sipanala ndi kansalu,
aigoneka m'bokosi.